Mayi Wina Wake wa ku Bulacan

Renz atalowa yunivesite ku Manila, amayi ake, Aling Soling, anauza msika wonse kuti mwana wawo akukaphunzira kupanga oimba. Anthu anavomera, poti ndani angatsutsane ndi mayi amene amakupakulira phala la mpunga m'mawa uliwonse, chipande chili m'manja? Koma zimene ankaphunzira mnyamatayo, abale inu, zinali zina. Chaka choyamba anachithera kujambula kulira kwa zitseko. Chachiwiri ankathyola kabichi pafupi ndi maikolofoni kuti zimveke ngati munthu wathyoka nthiti m'filimu. Pofika chaka chomaliza anali atadziwa kutsinzina, mahedifoni ali kumutu, n'kumagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati nkhuku ya chitopa, kenako n'kunena kuti, "Mawuwa ndi ofunda." Ukamufunsa kuti mawu amafunda bwanji, ankangokuyang'ana mokumvera chisoni.

Matenda amenewa anawatengera kwa Pulofesa Villaflor. Bambo amenewa anakakhalako ku Ulaya miyezi yochepa ali mnyamata, ndipo mpaka lero sanachire. Kutentha konse kwa Manila kuja, kumene ngakhale agalu amagona lilime lili panja, iwo ankayenda ndi mpango waubweya m'khosi. Nyimbo iliyonse yokoma inkawadwalitsa mutu. Ankati yokoma ndi yabodza, ndipo ophunzira ankalemba zimenezo n'kudula mzere kunsi kwake.

Lamulo la pasukulupo linali lakuti wophunzira aliyense, asanapatsidwe digiri, apange ntchito imodzi yomaliza, idzaseweredwe m'holo pamaso pa aphunzitsi ndi aliyense wofuna kumva. Aphunzitsi analipo angapo, koma wogamula anali wa mpango uja. Renz anakhetsa thukuta miyezi yambiri popanga nyimbo yachikondi, ya gitala ndi mawu a mtsikana wa kwaya, yosalala moti ukanaimvera pawailesi ukanaimitsa zochapa. Anapita nayo ku situdiyo mtima uli m'malo. Pulofesa sanadikire n'komwe kuti mtsikanayo apume kachiwiri.

"Zimitsa," anatero, akusisita pamphumi. "Izi n'zoimba m'sitolo anthu akamayesa nsapato. Ine ndikufuna mawu okhala ndi bala, Renz. Mawu oona. Ukapanda kundibweretsera, tidzaonana chaka chamawa. Mpando wakowo sindipatsa wina."

Renz anatola nyimbo yake n'kutuluka. Kubwereza chaka sikunali kanthu kakang'ono. Kunyumba, amayi ake anali atasoketsa kale diresi yobiriwira ya tsiku la digiri, n'kuipachika pakhoma m'pepala la pulasitiki, ndipo mlendo aliyense, ngakhale wodzawerenga mita ya magetsi, ankayamba waionetsedwa asanapatsidwe mpando.

Sabata Loyera litafika anakwera basi kupita kwawo ku Bulacan, mutu utalemera. Anapeza tenti itatseka kale msewu kutsogolo kwa nyumba yawo, guwa la maluwa lili poteropo, zokuzira mawu ziwiri zitamangiriridwa pamtengo wa magetsi. Inali nthawi ya pabasa, pamene amayi a m'deralo amalandirana maikolofoni n'kuimba nkhani ya masautso a Ambuye kuchokera poyambira mpaka pothera osadukiza, akumwa tiyi wa jinja kuti pakhosi pasaume. Pabasa wa mumsewu umenewu mwini wake anali Aling Soling. Renz ali khanda anadwala mwakayakaya, madokotala mpaka kuyamba kulankhula motsitsa mawu. Mayiwo anagwada pakhonde la chipatala n'kulonjeza Mulungu kuti mwanayo akachira, adzaimba pabasa chaka ndi chaka mpaka kumanda. Mwana anachira. Kuyambira pamenepo dera lonse lakhala likuthandiza kulipira lonjezolo ndi makutu.

Pakuti, tisanamizane, Aling Soling sankatha kuimba. Sikuti ankaphonya apa ndi apo ayi. Nyimbo ikalowera kumanja iwo ankalowera kumanzere, molimba mtima, ndi mawu aakulu otha kuitana munthu ali tsidya la mtsinje. Akagwira maikolofoni, agalu ankayamba kuwayankha. Oyendetsa njinga zamoto ankakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi kasitomala kumsika. Koma panalibe anawauzapo. Wansembe wina anayesa kuwapempha mwaulemu kuti azithandiza kumbali yophika, koma wansembeyo anasamutsidwa, iwo akuimbabe.

Lachinayi masana, dzuwa likuswa mtengo, Renz anakhala kumbuyo kwa tenti akuwamva amayi ake akulimbana ndi ndime yaitali. Manyazi amene ankamugwira chaka chilichonse anamugwiranso, koma ulendo uno anasakanikirana ndi mkwiyo wa pulofesa uja. "Akufuna bala? Nali bala," anatero chamumtima. Anatulutsa makina ake ojambulira, n'kuwaika pampando wa pulasitiki pafupi ndi guwa. Zonse zinalowa: mawu a mayiwo, agalu, masipuni m'makapu, ndi tambala wandewu wa aneba amene sadziwa kuti kunacha kalekale.

Atabwerera ku Manila anaziika m'kalasi mongofuna kupsetsa mtima mphunzitsi wake. Mawu atangotuluka, anzake, ana a anthu a magalimoto awiriawiri, anayamba kuluma milomo. Wina anabisa nkhope m'chikwama. Koma Pulofesa Villaflor anadzuka pang'onopang'ono, dzanja lili pachifuwa, maso atadzaza misozi.

"Tamverani," ananong'ona. "Tamverani, mbuli inu! Mayiyu akuimba pakati pa manoti, pamene piyano singafike. Ku Ulaya anthu amaphunzira zaka kuti afike pamenepa." Anatembenukira kwa Renz. "Ndani ameneyu?"

Renz anayang'ana anzake aja, mapewa awo akugwedezeka ndi phwete lobisa.

"Mayi wina wake wa kwathu, bwana. Ngakhale dzina sindiwadziwa."

Pomwepo, m'zokuzira mawu za situdiyo, tambala uja analira. Inu opita kutchalitchi musandiyang'ane ine, tambalayo anali kale m'zojambulazo.

"Usakhudze kalikonse," anatero pulofesa. "Ungokweza. Bala lililonse limveke. Imeneyi ndiyo ntchito yako yomaliza, ndipo ndikuuziretu, ikhoza kukhala yoposa zonse chaka chino."

Renz anayenera kusangalala, ndipo anasangalaladi, mpaka foni inalira Loweruka lotsatira m'mawa.

"Iwe, ndinakuona ukundijambula," anatero Aling Soling, kumbuyo kukumveka mbale. "Unkaganiza kuti maso anga anali m'buku mokha? Nditumizire ndidzimve."

"Nay," anatero Renz, monga ana a kumeneko amaitanira amayi awo, "sizinamveke bwino. Kunali phokoso."

"Zaka zonsezi ukuphunzira chiyani, ngati phokoso likukukanika? Tumiza."

Apa mnyamata anagwira njakata. Kuwatumizira mmene zinalili kunali ngati kuwapatsa kalilole mayi amene sanadzionepo nkhope. Ndiye anachita zimene anaphunzira mwakabisira, zimene pulofesa ankati ndi tchimo losakhululukidwa. Anatsegula laputopu, mawu a amayi ake n'kuoneka pagalasi ngati njira ya munthu woledzera, ndipo anayamba kuwongola. Noti iliyonse ankaikoka n'kuikhazika pamalo pake. Agalu anawachotsa, tambala anamuchotsa, n'kuthiramo kamkokomo ka m'tchalitchi chachikulu. Laputopu inatentha mpaka kulira ngati ikupempha chifundo. Koma zimene zinatuluka, eee, ngakhale mwini wake tsitsi linamuima. Anali mawu a amayi ake ndithu, koma ngati amayi akewo anabadwanso kubanja lina.

Anatumiza. Patapita kanthawi foni inalira. Kumbali inayo kunamveka amayi ake akufwenthera.

"Wachita ndiwe zimenezi?"

"Ndangochotsa phokoso, Nay."

"Hmm," anatero mayiwo. "Sukulu sinapite pachabe."

Kuyambira tsiku limenelo aliyense wodya phala pamalo awo ankadyera limodzi ndi nyimboyo, kuchokera pa kasipika kopachikidwa pambali pa mphika. Mnzawo wa pamtima, Aling Belen, wogulitsa nsomba zouma, anamvera kukamwa kuli yasa.

"Soling, ndiwe ameneyu?"

"Ayi, ndi agogo ako. Ukufuna dzira m'phalamo kapena wangobwera kudzandifunsa mafunso?"

Choncho m'laputopu ya Renz munali mayi awiri, wina wa pulofesa, wina wa kumsika, ndipo mnyamatayo anadziona wochenjera kwambiri. Chofunika chinali chimodzi basi: awiriwo asadzakumane. Tsiku la m'holo sanalitchule kunyumba. Anaiwala kuti mapanga awiri avumbwitsa, komanso kuti yunivesite imaika zoterezi pa intaneti, kumene mdzukulu wa Aling Belen amakhala kuyambira m'mawa mpaka batire kutha.

Tsikulo, masana, Renz akulumikiza mawaya kumbuyo kwa holo, anamva hutala panja. Anasuzumira pawindo. Jipini yobwereka, minibasi ya kumeneko, inali itaima pageti, ikutsitsa amayi a pabasa mmodzimmodzi, ena atanyamula mapoto a pansiti, chakudya chonga supageti, okutidwa ndi masamba a nthochi. Mlonda anayesa kunena kuti chakudya saloledwa kulowa nacho, koma anapatsidwa mbale yodzaza, lamulo n'kuthera pomwepo. Kutsogolo kwa onse kunali Aling Soling, atavala diresi yobiriwira ija.

"Nay! Mwabwera bwanji? Diresiyi si ya tsiku la digiri?"

"Ndidzaichapa. Mawu anga akumveka pa yunivesite, ndiye ndibwere ndi ya kumsika?" Anamukonza kolala. "Waonda. Sukudya?"

Amayi aja anakhala mzere wachitatu wonse, zikupizo zili m'manja. Renz anabwerera kutebulo lake la makina, kumbuyo kwa anthu onse, kumene ankaona nkhongo ya amayi ake ndi chipeso chatsopano m'tsitsi.

Anayamba ophunzira ena. Woyamba anaika kulira kwa firiji ya kwawo, aphunzitsi akugwedeza mitu atatsinzina. Wachiwiri, mtsikana wa tsitsi lofiirira, ntchito yake inali chete weniweni, ati anakamujambula kumanda a agogo ake. Holo yonse inakhala duu, mpaka Aling Belen anafunsa ndi mawu ake ogulitsira nsomba kuti, "Kodi ayamba kale, kapena magetsi athima?" Pulofesa anatembenuka n'kuwayang'ana ngati ntchentche yagwera mu khofi.

Kenako inafika nthawi ya Renz. Pulofesa Villaflor anakwera okha pansanja, chinthu chimene sanachitire wina aliyense, nakonza mpango wawo.

"Zimene mumve tsopano," anatero, "si mawu a woimba. Ndi mawu a mayi wina wake wa kumudzi, wosadziwika, amene ngakhale wophunzira wathuyu sadziwa dzina lake. Anangomupeza, monga munthu amatolera mwala wokongola panjira."

Mzere wachitatu zikupizo zinaima. Amayi aja anayang'anana, kenako onse anayang'ana Aling Soling. Iwo sanatembenuke. Renz anangoona khosi lawo likuwongoka pang'ono.

Pagalasi la laputopu panali mayi awiri aja, wina pamwamba pa mnzake. Akasindikiza wapamwamba, digiri ndi yake, ndipo amayi ake adzimva mmene alili, m'zokuzira mawu zazikulu ngati zitseko, pakati pa ana a anthu olemera akuseka. Akasindikiza wapansi, abwereza chaka. Mantha anali nawo, koma chisoni chinaposa, ndipo anasindikiza wapansi.

Mawu osalala aja anadzaza holo, akukwera, akutsika, osaphonya ngakhale pamodzi. Amayi a pabasa anapumira m'mwamba n'kuyambanso kukupiza. Wina anapukuta msozi. Itatha anaomba m'manja mwamphamvu ngati ali pa mpikisano wa kwaya. Koma pulofesa anali ataimirira kale, nkhope itafiira kuposa kutentha kwa mpango.

"Renz! N'chiyani chimenechi?" Sanafune n'komwe maikolofoni. "Unandibweretsera mawu osweka, okhakhala ngati chitseko chadzimbiri, mawu amene agalu ankalira nawo limodzi! Ndiye iwe wawapaka mafuta? Wasandutsa mayi uja sopo wa m'sitolo! Ali kuti mawu aja? Popanda amenewo palibe chimene ndingakhozetse pano."

M'holo munagwa chete woposa wa kumanda kwa agogo uja. Renz anafuna kulowa pansi pa tebulo, pakati pa mawaya. Zonse zimene anabisa zinali zitayalidwa poyera, ndipo woziyala sankadziwa n'komwe kuti mwini mawu wakhala patsogolo pake.

Mpando unalira mzere wachitatu. Aling Soling anaimirira, napatsira Aling Belen chikupizo ndi kachikwama.

"Mukufuna mawuwo, bambo? Musamukalipire mwanayo. Mawuwo ndabwera nawo."

Anayenda mosapupuluma, diresi yobiriwira ikuwala, nakwera pansanja. Anagogoda maikolofoni ndi chala monga amachitira kwawo, anadzilemba chizindikiro cha mtanda, n'kutsegula pakamwa.

Mayo ine! Zokuzira mawu za yunivesite zinagulidwa ndi cholinga choti zisabise kanthu, ndipo sizinabise. Mawu anatuluka onse, ndi minga yake yomwe. Analowera kumanzere, nyimbo ili kumanja. Kumbuyo wina anaphulika phwete, mnzake n'kutsatira, mpaka mzere wonse wa ophunzira unali kugwedezeka. Aling Soling anawamva, poti munthu sungalephere kumva, koma sanatsitse mawu ngakhale pang'ono. Anaimba ndime yonse, maso ali kukhoma la kumbuyo, pamwamba pang'ono pa mutu wa mwana wawo. Amayi a pabasa, amene kwawo amathawira kukhitchini nthawi ngati imeneyi, anakhala chilili, ndipo pothera ndime anayankha onse pamodzi monga mwa mwambo. Renz manja anali pa makina, koma panalibe chokonza. Analira, osabisa.

Woyamba kuomba m'manja anali pulofesa. Mpango unali utagwa pansi, iwo osazindikira.

"Mwaona? Mwaona?" anafuula kwa aphunzitsi anzawo. "Bodza poyamba, kenako choonadi chikudzuka pakati pa anthu! Ngakhale ine wandipusitsa! Renz, mwana woipa iwe, bwanji sunandiuze?" Aphunzitsi enawo, amene anali asanadziwe ngati aseke kapena ayi, anayamba kulemba mofulumira. Ophunzira oseka aja anaimirira n'kumaomba m'manja, ena akuti iwo anazindikira kuyambira pachiyambi. Renz anakhoza pomwepo, ndipo anakhoza kuposa wa firiji ndi wa kumanda.

Panja, pansi pa mtengo, mapoto anatsegulidwa ndipo aliyense anapatsidwa mbale, ngakhale oseka aja. Renz anaima chapatali pang'ono, akusowa poyambira. Pulofesa anafika kwa Aling Soling n'kugwira dzanja lawo ndi manja awiri.

"Mayi, ndiuzeni. Kuimba pakati pa manoti chonchi, anakuphunzitsani ndani?"

"Pakati pa chiyani?" Anabweza dzanja lawo n'kutenga chipande. "Bambo, ine sinditha kuimba. Ndinadziwa ndili mtsikana, asisitere atandichotsa mu kwaya. Agalu akwathu akudziwa, awa akudziwa," analoza anzawo, amene onse mwadzidzidzi anatanganidwa ndi mbale. "Mwana wanga anali kufa. Ndinafuna kupatsa Mulungu chinthu chondiwawa. Ndikanakhala ndi mawu okoma, likanakhala lonjezo lanji? Kukanakhala kudzionetsera basi."

"Zodabwitsa," anatero pulofesa, akufufuza cholembera m'thumba. "Nanga mwanayo anachira?"

"Anachira. Anakula."

"Zodabwitsa kwambiri. Renz, tabwera kuno! Nanga wophunzira wathuyu, mayi, anakupezani bwanji? Mumadziwana?"

Renz anasendera, pakamwa patatseguka kale kuti anene yekha. Koma Aling Soling anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kukolala imene anaikonza okha masana omwewo, ndipo anayankha iwo.

"Ameneyu? Ndi mwana wina wake wa kwathu. Amayi ake ndimawadziwa, koma lero sanabwere."

Anapakula pansiti, nam'patsa mbale monga anapatsira ena onse, n'kuitana wotsatira pamzere.